Foni ya Achemwali M'dengu la Ahedi

Munthu akandiuza kuti masiku ano uphunzitsi ndi wosavuta chifukwa zophunzitsira zili mbwee pa intaneti, zaulere, ndimayang'ana kaye pamene ndaika sizasi. Ndine telala ine, sizasi imakhala pafupi, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Zaulerezo ndikuzidziwa bwino. Achemwali anga anazitola chimodzichimodzi pakhonde langa lomweli, mkono uli m'mwamba, koma amene anadyerera ndi ena.

Achemwali ndi aphunzitsi a ku pulayimale. Anayamba ntchito ine ndisanadziwe n'komwe kulowetsa ulusi pa singano, ndipo zaka zonsezo ankaphunzitsa sitandade 5, kalasi ya kumapeto kwa buloko, yoyang'ana kumsewu. Ana m'kalasimo amaposa zana. Ena amathinana pa madesiki, ena amakhala pansi, ochedwa amakhala pakhomo, mutu m'kati miyendo panja. Kuti mwana wa kumbuyo amve, mphunzitsi ayenera kukuwa kuyambira belu loyamba mpaka loweruka, kulimbana ndi malole a pamsewu komanso malata akamalira ndi dzuwa. Achemwali ankakwanitsa. Akati "Khalani chete!" ngakhale azimayi ogulitsa pageti ankasiya macheza. Ana anawapatsa dzina loti Madamu Belu, ndipo kwathu tinkawaseka kuti alamu anayamba awamva kaye, kuwaona kunabwera pambuyo.

Sanali munthu wofewa, ndisaname. Ine ndinakulira m'manja mwawo mayi athu atamwalira, ndiye makutu angawa akudziwa. Koma anali munthu woti mwana akamalephera kuwerenga, iwo chakudya sichitsika. Ukayenda nawo pamsika sufika msanga: kondakitala awapatsa moni, namwino awapatsa moni, wapolisi avula chipewa, onsewo ana awo. Nyumba yooneka sanamange, ngakhale njinga sanagule. Chuma chawo chinali kalasi ija basi.

Koma mmero si chitsulo. Zinayamba ngati chimfine. Mawu ankasasa ikamafika Lachinayi, Lamlungu n'kubwerera. Kenako anayamba kusasa Lachiwiri. Kenako analeka kubwerera. Ndinachita kuwakoka kupita nawo kuchipatala, chifukwa paokha sakanapita. Adokotala anawaunika kukhosi ndi katochi, n'kupukusa mutu.

"Mayi, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimaphunzitsa," achemwali anayankha, mawu ngati chitseko cha dzimbiri.

"Timinofu totulutsa mawu tatupa. Kukuwa kumeneko, kuphatikiza fumbi la choko. Mukapitiriza chonchi, tsiku lina mudzatsegula pakamwa osatuluka kanthu, ndipo ine sindidzatha kuwabweza."

Panjira anaseka, akuti madokotala amakonda kuopseza anthu. Koma ine ndinaona kuti mantha awagwira, ndipo ndinkadziwa chimene ankaopa. Pasukulu pawo pali kachipinda ka mabuku, kuseri kwa ofesi, kopanda zenera, konunkha chinyezi. Mphunzitsi akadwala kapena akakalamba moti sangathenso kuima kutsogolo kwa ana, samuchotsa ntchito ayi. Amamupatsa kiyi wa kachipindako, azikhala mmenemo kulondera mabuku ong'ambika mpaka penshoni imupeze. Achemwali ankakatcha kumanda. "Ine ndikadzalowa mmuja," ankatero, "muzidzangobwera ndi nkhata zamaluwa."

Chipulumutso chinachokera pakhonde langa. Shopu yanga yagundana ndi laibulale ya m'tauni, ndipo wayifayi yaulere ya mmenemo imaboola khoma n'kudzafika pakona imodzi yokha, pamene ndimaika ayironi. Mwana wawo wamkulu, amene amagwira ntchito kutali, anali atawatumizira foni yamakono. Loweruka lina atabwera kuti ndiwachepetsere diresi labuluu, anakhala pakonapo n'kumafufuza mankhwala a kukhosi. Mankhwala sanawapeze. Anapeza kanema wokonzera ana asukulu, woonetsa mmene mpweya umalowera m'mapapo.

"Iwe, tasiya makinawo ubwere kuno," ananong'ona. "Taona! Zimene ndakhala ndikujambula pa bolodi zaka zonsezi ngati matumba awiri a mbatata, apa zikupuma!"

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse linali la pakona. Anapeza masamba a pa intaneti okonzera aphunzitsi, odzaza ndi makanema a sayansi, mapu oyenda, nyimbo za masamu, nkhani zowerengedwa mokweza. Koma musaganize kuti kunali kungotola ngati mango akugwa okha. Netiweki inkagwira bwino foni ikakhala pamwamba, ndiye ankaima mkono uli m'mwamba ngati mwana wodziwa yankho, dzuwa likuwaomba pamsana. Kanema ankatsika pang'onopang'ono, watsala pang'ono kutha, magetsi n'kuzima, yambiraninso. Ambiri anali a Chingerezi chothamanga chimene ana awo sakanatolapo kanthu. Ena ankakamba zinthu zimene sizili n'komwe m'buku la sitandade 5. Achemwali ankaonera aliyense mpaka kumapeto, ambiri n'kutaya, ochepa n'kusunga.

Kenako anatulukira nzeru imene inawapulumutsadi. Mwana wawo uja anawaphunzitsa pa foni kachotsedwe ka mawu a kanema, n'kuikamo awo. Ndiye ankandiuza kuti ndiimitse makina, n'kusendeza foni pakamwa, n'kumafotokoza m'chilankhulo chathu, motsitsa, ngati akunyengerera mwana kuti agone. M'kalasi mawu otsikawo ankatulukira m'kasipika kamene anagula pamsika, kakang'ono ngati chitini cha polishi koma kaphokoso zedi. Ine ndinawasokera kathumba ka lamba kokhala ndi pulasitiki yoonekera kutsogolo, kuti foni isagwe.

Tsiku limene ndinakawapatsa kathumbako ndinachedwa dala pakhomo kuti ndione. Kasipika kankalankhula pathebulo, iwo akuyenda mzere ndi mzere kuonetsa chithunzi, ana mitu pamodzi. Ochedwa a pakhomo aja anali atakokera miyendo m'kati. Akafuna kufunsa funso ankaimitsa kanema n'kulilemba pa bolodi, ana n'kumakanganirana kuyankha. Phunziro lonse sanakuwe ngakhale kamodzi. Aphunzitsi anzawo ena anayamba kuwapempha kuti awagawireko, ndipo iwo ankagawa, akuti nawonso anazipeza zaulere.

Mawu anayamba kubwerera. Tsiku lina anandikalipira chifukwa cha chigamba chokhota, ine n'kusangalala ngati andipatsa mphatso.

Ndiye kunabwera ahedi atsopano. Bambo wovala jekete ngakhale kunja kukuwotcha, wokonda mawu oti "dongosolo" moti sangamalize chiganizo osawatchula. Ndinene chilungamo: vuto analipezadi. Aphunzitsi ena ankangolemba ntchito pa bolodi n'kukakhala pakhomo kumacheza pa foni, wina mpaka kumatsatira mpira. Koma m'malo moti athane ndi olakwawo, ahedi anagula dengu. Analiika pathebulo la muofesi, n'kulamula kuti mphunzitsi aliyense akafika m'mawa aziponyamo foni, azidzaitenga poweruka. Kwa iwo nsomba ikawola imodzi ndiye kuti zonse zawola.

Achemwali anapita kukadandaula. Zimene zinakambidwa anandifotokozera madzulo ake, atakhala pa mpando wa makasitomala.

"Ahedi, foni yangayi si yochezera," anawauza choncho. "Ndimaphunzitsira. Tabwerani mudzaone phunziro limodzi lokha."

"Madamu, ndikakulolani inu, mawa wina adzati mwana wake akudwala, wina adzati mkazi wake ali pafupi kuchira. Dongosolo litha."

"Koma adokotala anati ndisamakuwe."

"Ife tinaphunzira ndi choko ndi pakamwa, ndipo tinakhala anthu. Ngati pakamwa pakuvutani, nenani. Kachipinda ka mabuku kalibe munthu."

Nditamva mawu omalizawo ndinavula epuloni. Ndinati ndikupita komweko, akandiuze ngati anamuonapo telala akusoka atamulanda singano. Achemwali anandigwira mkono.

"Khala pansi iwe. Pakamwa pakopo pandichotsetsa ntchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yakeyo ikamadzatulutsa maso, inu mmero utatha!"

"Ndati khala pansi."

Ndinakhala. Munthu amene anakulera, ngakhale utamera imvi, akati khala umakhala.

Choncho foni inalowa m'dengu, Madamu Belu n'kuyambiranso kukuwa. Sanafune kuti ahedi akamadutsa pazenera amve kalasi ikusokosera popanda mawu a mphunzitsi, n'kupeza chifukwa chowapatsira kiyi uja. Anakuwa ndi mmero wotupa teremu yathunthu. Akaweruka ankadzera kushopu, n'kumwa madzi otentha a uchi, osalankhula. Akafuna kundiuza kanthu ankatenga choko changa cha utelala n'kulemba pa zidutswa za nsalu. Alamu ankadandaula kuti m'nyumba mwakhala zii ngati mwagwa zovuta. Ine ndinkapalasa makina mwaukali mpaka singano kuthyoka. Makanema onse aja, thukuta la Maloweruka osawerengeka, anali atagona m'dengu limodzi ndi mafoni a anthu otsatira mpira.

Tsono imvani chimene chinandimaliza. Bungwe lina lothandiza masukulu linakonza maphunziro ku hotela, mutu wake kagwiritsidwe ntchito ka zophunzitsira zaulere za pa intaneti. Sukulu iliyonse itumize anthu awiri. Mukuganiza anapita ndani? Ahedi eni ake, ndi mphunzitsi wachinyamata amene ana amamutcha Tayi, chifukwa tayi yake imafika pa lamba n'kupitirira. Mnyamatayo si woipa, kungoti ahedi akamuponda phazi, wopepesa amakhala iyeyo. Aphunzitsi ena atafunsa kuti bwanji osatuma Madamu Belu, ahedi anati munthu wopanda mawu akabwerako adzawafotokozera bwanji anzake. Pamene mawuwo anawathetsa ndi iwo omwewo!

Anabwerako ndi masatifiketi, matisheti, ndi pulojekita, makina oonetsera kanema pakhoma. Satifiketi inapachikidwa muofesi. Pulojekita inatsekeredwa m'kabati ili m'pulasitiki mwake, kuopa kuti ingade. Dengu linakhala pomwepo.

Patapita nthawi kunabwera uthenga woti a bungwe aja akubwera kudzaona mmene sukulu ikugwiritsira ntchito zimene inaphunzira. Apa ndiye jekete inayamba kutentha. Pasukulupo netiweki ndi yovuta, Tayi analibe kanema ngakhale mmodzi, ndipo zimene anaphunzira ku hotela zinali zitatsala komweko limodzi ndi mbale zimene anadyera. Ahedi anaitanitsa achemwali.

"Madamu, paja inu muli ndi timakanema tija?"

Timakanema! Anapisa dzanja m'dengu n'kuwapatsa foni yawo yomwe ngati akuwapatsa mphoto. Anati pa tsiku la alendo aphunzitse ndi iwowo, Tayi aziyendetsa pulojekita.

Achemwali anafika kushopu nkhope ikuwala. Analemba pa kansalu kuti, "Alendo akaona okha, foni andisiyira." Ine ndinati alendo amabwera n'kupita, dengu ndiye limatsala. Anandiyang'ana ndi diso limene ankandiyang'ana nalo ndili mwana, ine n'kubwerera pa makina anga.

Mawa lake ahedi anatulukira okha pakhonde langa. Ankafuna nsalu yoyera yaikulu, yophimba bolodi lonse, kuti pulojekita izionetsera pamenepo.

"Atelala, muipinde bwino m'mbalimu. Alendo athuwa ndi anthu aukhondo."

Mawu anandifika pamlomo, koma nditakumbukira nkhope ya achemwali ndinameza. Nsaluyo ndinaisoka mosamala kuposa diresi la mkwatibwi, chifukwa ndinkasokera achemwali, osati iwo.

Tsikulo ndinalawirira nayo kusukulu. Ndinapeza bwalo losesedwa, miyala ya m'mbali mwa njira itapakidwa laimu. Ine ndi Tayi tinaikhoma nsalu ija ndi timisomali mpaka bolodi lonse linabisika. Ahedi anali kalikiliki. Anasankha ana ovala yunifolomu yathunthu ndi nsapato, okwana pa madesiki basi, otsalawo n'kuwatumiza kuseri kwa buloko ndi lamulo loti asamveke. Kalasi imene inadya mmero wa munthu inasanduka kakalasi ka pa kalendala. Kenako analowa ndi katoni n'kukokolola choko chonse ndi dasitala, ngakhale tizidutswa togwera pansi.

"Lero alendo asaone choko," anatero. "Lero ndife amakono."

Achemwali anatambasula dzanja kuti asungeko kachidutswa kamodzi, ahedi n'kupukusa mutu. Katoni inapita kuofesi. Ine anandiuza kuti ntchito yanga yatha, ndikhoza kumapita. Sindinapite. Ndinazungulira n'kukaima pazenera la kumsewu.

Alendo anafika pa galimoto zonyezimira: mayi wina wachikulire wa magalasi, anyamata onyamula zikwama, ndi wojambula zithunzi. Tayi anakhala pathebulo la pakona ndi foni ya achemwali, italumikizidwa ku pulojekita. Achemwali anaima kutsogolo atavala diresi labuluu lija. Anakweza dzanja, Tayi n'kudina.

Pa nsalu yanga panaoneka mtima wa munthu, waukulu ngati chitseko, ukugunda. Ana anati "Eee!" onse pamodzi. Ndiyeno m'kasipika munatuluka mawu a achemwali, amene anajambula pakhonde langa dengu lisanabwere, nthawi imene mmero unkachira. Mawu odekha, omveka bwino, akufotokoza mmene magazi amachokera mumtima n'kuzungulira thupi lonse. Anali atajambuliramo ndi mafunso omwe, ndiye akakweza dzanja Tayi ankaimitsa, ana manja m'mwamba, iwo n'kumaloza woyankha. Anagwira pachifuwa pawo, ana onse n'kugwira pawo, aliyense kumvetsera wake. Ngakhale wojambula zithunzi anagwira pake. Ine pazenerapo misozi inali chuchuchu, chifukwa ndinali nditaiwala kukoma kwa mawu amenewo.

Phunziro litatha alendo anaomba m'manja. Mayi wa magalasi anaimirira.

"Aphunzitsi, ndayenda m'masukulu ambiri, koma zotere sindinazione. Tandiuzani, kodi mumaphunzitsa chonchi tsiku ndi tsiku? Ngati pali chokulepheretsani nenani pompano, ife tabwerera chimenecho."

Chamumtima ndinati basi, nkhono ija yatulutsa maso. Achemwali anawongoka, n'kukweza mutu ngati kale akamafuna kuti azimayi a pageti amve. Anatsegula pakamwa, wojambula zithunzi n'kudina kamera yake.

Kunatuluka mpweya wokha.

Anameza malovu n'kuyesanso. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, milomo ikuyenda, koma ngakhale mwana wa pa desiki loyamba sanamve kanthu. Teremu yokuwa ija inali itatenga zotsala zonse. Anatembenukira ku bolodi, dzanja n'kupita lokha pamene pamakhala choko zaka zonsezi. Zala zinapapasa thabwa lopanda kanthu. Anakweza maso n'kukumana ndi nsalu yanga yoyera, yopindidwa bwino m'mbali. Foni inali kutali, m'manja mwa Tayi, amene ankayang'ana nsapato zake.

Ahedi anaseka mwaulemu.

"Ndi amanyazi mayi athuwa, akaona alendo amauma pakamwa. Ndiwayankhire ine. Inde, tsiku ndi tsiku. Pano tinaika dongosolo loti mphunzitsi aliyense azigwiritsa ntchito zamakono."

Amanyazi! Madamu Belu amanyazi! Apa ndiye za kukhala pansi ndinaziiwala.

"Bodza!" ndinakuwa pazenera. "Bodza lenileni! Tawafunsani za dengu lili muofesimo! Tawafunsani ana enawo awabisa kuti! Achemwali angawa mawu munawathetsa ndinu, lero mukuti ndi amanyazi? Bweretsani choko alembe okha!"

Ana onse anatembenuka. Mayi wa magalasi anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana ahedi. Ahedi sanaphethire n'komwe. Anagogoda mutu wawo ndi chala, n'kunena motsitsa kuti ndi mayi wina wa pamsika, mutu wake suyenda bwino, amadutsadutsa kuno. Mlonda wa pasukulupo anali atandigwira kale pamkono. Mnyamata wina wa chikwama analoza wotchi, akuti sukulu ina ikudikira. Mayi uja anagwira achemwali dzanja n'kuwauza kuti apitirize ntchito yabwino. Pamene ndinkalimbana ndi mlonda pageti kuti andisiye, galimoto zinali zikutuluka, ana a nsapato akubayibitsa.

Lolemba lotsatira ahedi anaitana achemwali muofesi. Anawayamikira kwambiri, akuti anaikweza sukulu. Kenako anati aliyense waona kuti thanzi lawo silikulola, munthu wolephera kuyankha funso limodzi la mlendo sangasunge kalasi yodzaza, komanso achibale awo ayamba kuchititsa sukulu manyazi. Anatsegula dirowa n'kutulutsa kiyi. Sitandade 5 inapita kwa Tayi. Makanema onse anawakopera mu kompyuta ya muofesi, akuti tsopano ndi katundu wa sukulu. Pulojekita inabwerera m'pulasitiki mwake. Foni ya achemwali imalowabe m'dengu m'mawa uliwonse, ngakhale kumene amakhala tsopano kulibe phunziro loti ingasokoneze, kuli chiswe chokha.

Alipo amene amati ine ndinasonkhezera moto. Anene. Kiyi uja anali kudikira m'dirowa kuyambira tsiku limene dengu linagulidwa, ndipo tsikulo litati libwerenso, ndingakuwe koposa pamenepo.

Adokotala aja sananame. Tinabwererako, anaunikanso ndi katochi kawo, n'kunena kuti mawuwo sangathenso kuwabweza. Achemwali tsopano amanong'ona pang'ono m'mawa, ikamafika masana kuli zii. Loweruka amabwerabe kushopu, koma pakona ya ayironi saimanso. Amakhala pa mpando wa makasitomala kundithandiza kuika mabatani. Ana akamadutsa pamsewu n'kukuwa kuti "Madamu Belu!" amakweza dzanja, n'kuweramiranso pa batani.

Loweruka lina ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa kuti, "Achemwali, tsiku lija munkafuna kuwauza chiyani mayi aja?" Ndinkayembekezera kuti adzaza nsalu yonse, za dengu, za kiyi, za ku hotela. Anatenga choko changa, n'kukoka kachidutswa ka nsalu yakuda, n'kulemba ndi zilembo zawo zozungulira za pa bolodi: "Ayi, ndi lero lokha." Basi. Timawu tochepa chonchi, toti kachidutswa ka choko kotoledwa pansi kakanakwanira.

Posachedwapa ndinapita kusukuluko kukawatenga kuti tipite kuchipatala. Njira ya ku kachipinda ka mabuku imadutsa pakhomo pa ofesi, ndipo chitseko chinali chotsegula. Dengu linali pathebulo, lodzaza. Pakhoma, pambali pa satifiketi, apachikapo chithunzi chachikulu chimene a bungwe anatumiza. Achemwali ali chilili mu diresi labuluu, kumbuyo kwawo mtima pa nsalu yanga, mutu uli m'mwamba, pakamwa potsegula. Muofesimo munali kholo lina likuyang'ana chithunzicho, ndipo ndinalimva likufunsa kuti mayi akulankhula mwamphamvu chonchiwa ankanena chiyani. Ahedi anati ankayamikira dongosolo la pasukulu.

Kansalu kakuda kaja kali m'dirowa ya makina anga. Choko cha utelala chimachoka ukangodutsitsapo ayironi, ndiye kameneko sindikasita.